Kafukufuku wa moyo wa anthu akulowera kuti masiku ano?

Mukamatsatira nkhani za maphunziro, mwina mwaonapo zinthu zomwe zimaoneka ngati sizikugwirizana. Lero mumva kuti kompyuta yawerenga mpukutu womwe unapsa zaka pafupifupi 2,000 zapitazo. Mawa mumva kuti kafukufuku wotchuka, yemwe aphunzitsi akhala akumutchula m'kalasi, wabwerezedwa ndipo zotsatira zake sizinatulukenso. Mkuja mumva kuti anthu a mtundu wina alemba malamulo awoawo oti ofufuza azitsatira akabwera kwawo. Nkhani zonsezi zikumera m'munda umodzi. Maphunziro ofufuza za munthu akusintha zida zawo, akusintha muyeso wodziwira chomwe chili choona, komanso akukangana za amene ayenera kukhala ndi mawu. Funso loyenera kuyenda nalo ndi ili: njira iliyonse yofufuzira imaona ndani, nanga imaphonya ndani?

Maphunziro ake ndi ati

M'mayunivesite muli mabanja awiri a maphunziro omwe nkhani yawo ndi munthu. Loyamba pa Chingerezi amati social sciences, ndipo muli zachuma, zandale, kaganizidwe ka munthu ndi kakhalidwe ka anthu m'magulu. Awa amakonda kuwerengetsera ndi kufunsa anthu ambiri mafunso ofanana. Lachiwiri ndi humanities: mbiri yakale, zilankhulo, zolembalemba, filosofi, zipembedzo ndi luso. Awa amakhala pansi ndi chikalata chimodzi kapena nkhalamba imodzi yodziwa zakale, n'kumafukula tanthauzo.

Banja lachiwirili ndi lakalekale, pomwe loyambali ndi la posachedwa. Mawu oti sociology anawatchukitsa Auguste Comte wa ku France m'zaka za m'ma 1830. Mu 1897 Émile Durkheim anasanthula ziwerengero za anthu odzipha m'mayiko a ku Ulaya, n'kusonyeza kuti chinthu chooneka ngati cha munthu payekha chimatsatanso mmene munthuyo alumikizirana ndi anzake. Tingayerekeze mabanja awiriwa ndi anthu awiri pamsonkhano: wina akuwerenga amene abwera, wina akumvetsera zomwe zikukambidwa. Kwa nthawi yaitali aliyense ankakhala mbali yake. Mpanda umenewo ndi womwe ukugumuka tsopano.

Kuwerenga ndi makina

Zomwe amati digital humanities ndi kugwiritsa ntchito kompyuta pofufuza zolembedwa, zithunzi ndi mawu ojambulidwa. Ambiri amati chiyambi chake ndi wansembe wa ku Italy, Roberto Busa. Mu 1949 anakumana ndi Thomas Watson, mkulu wa kampani ya IBM, kudzapempha makina omuthandiza kundandalika liwu lililonse la m'zolemba za Thomas Aquinas ndi ena ogwirizana naye, mawu pafupifupi 11 miliyoni. Ntchitoyo inatenga zaka pafupifupi 30 ndipo inatuluka m'mabuku 56. Masiku ano ntchito yotere kompyuta ingaichite mofulumira kwambiri, koma funso la Busa silinakalambe: kodi tingaone chiyani m'zolembedwa ngati titaziona zonse pamodzi?

Munthu wowerenga buku limodzi ali ngati woyenda pansi m'nkhalango, amadziwa mtengo uliwonse ndi khungwa lake. Kompyuta ili ngati mbalame yodutsa pamwamba: khungwa siliona, koma imaona pomwe nkhalango yathera. Chitsanzo chomwe chimandikhudza kwambiri ndi nkhokwe ya pa intaneti yotchedwa SlaveVoyages. Akatswiri a mbiri anasonkhanitsa zolembedwa za maulendo pafupifupi 36,000 a zombo zonyamula akapolo panyanja ya Atlantic, kuchokera m'zikalata zomwazikana m'mayiko ambiri. Potengera zimenezi akuti anthu a ku Africa pafupifupi 12.5 miliyoni anakwezedwa m'zombozo. Palibe munthu mmodzi akanatha kuona kukula kwa tsokali powerenga chikalata chimodzichimodzi.

Tiyeni tiyandikire pa mpukutu uja. Mu chaka cha 79 phiri la Vesuvius linaphulika n'kukwirira tauni ya Herculaneum ku Italy. M'nyumba ina munali mipukutu yambiri ya gumbwa, yomwe inasanduka ngati zidutswa za makala. Itafukulidwa m'zaka za m'ma 1750, ina inanyenyeka m'manja mwa oyesa kuifunyulula. Brent Seales wa pa yunivesite ya Kentucky ndi anzake anajambula mkati mwa mipukutuyo ndi X-ray yamphamvu, osaitsegula. Vuto linali loti inki yake ndi ya mwaye, ndiye pachithunzi imafanana ndi gumbwa wopserera. Mu 2023 anayambitsa mpikisano, ndipo m'mwezi wa Okutobala kunalengezedwa kuti wophunzira wina wazaka 21 anaphunzitsa kompyuta kuzindikira timing'alu tomwe inki imasiya, n'kuwerenga liwu loyamba: liwu la Chigiriki lotanthauza mtundu wa pepo. Pofika mu Febuluwale 2024 zilembo zoposa 2,000 zinali zitaoneka. Koma taonani, kompyuta inangoonetsa zilembozo. Amene anazilumikiza kukhala ziganizo n'kuzindikira kuti ndi nkhani ya filosofi anali akatswiri a Chigiriki chakale.

Malire a njirayi ndi oonekeratu. Makina amawerenga zomwe zinalembedwa, zinasungidwa, ndipo wina anapeza ndalama zozijambulira. M'kaundula wa chombo cha akapolo muli dzina la woyendetsa chombo ndi chiwerengero cha anthu, koma nthawi zambiri mayina a anthuwo mulibe.

Mapazi omwe timasiya pa intaneti

Munthu akaimba foni, akatumiza ndalama kapena akalemba pa Facebook, amasiya phazi. Kufufuza khalidwe la anthu kudzera m'mapazi amenewa ndi komwe kumatchedwa computational social science, dzina lomwe linafala mu 2009 pomwe David Lazer ndi anzake analemba za njirayi m'magazini ya Science. Kale wofufuza ankafunsa munthu kuti, "Mumacheza ndi anthu angati?" n'kudalira zomwe akukumbukira. Tsopano angathe kuona chomwe munthuyo anachitadi, ngati mlenje wotsata mapazi m'malo mofunsa odutsa m'njira.

Phindu lake lilipo. Mu 2015 Joshua Blumenstock ndi anzake anafunsa anthu 856 ku Rwanda za katundu yemwe ali naye, n'kuyerekeza mayankhowo ndi kagwiritsidwe kawo ka foni. Kuchokera apo anatha kuyerekeza chuma cha ogwiritsa ntchito foni 1.5 miliyoni, ndipo mapu a umphawi omwe anatuluka anafanana kwambiri ndi a kafukufuku woyenda khomo ndi khomo.

Koma mapazi amanamizanso. Mu 2008 Google inayamba kulosera kufala kwa chimfine poona zomwe anthu akusakasaka pa intaneti. Poyamba zinayenda bwino, koma mu 2013 inalosera odwala ochuluka pafupifupi kawiri kuposa omwe achipatala ku America anapeza, ndipo mu 2015 ntchitoyo inaimitsidwa. Ena mwa osakasakawo sanali odwala, anali oopa chabe. Palinso nkhani ya chilolezo. Mu 2014 kunatuluka kafukufuku wosonyeza kuti Facebook inasintha zomwe anthu 689,003 ankaona kwa sabata imodzi, pofuna kudziwa ngati nkhani zachisoni kapena zosangalatsa zimasintha zolemba zawo. Anthuwo sanauzidwe, ndipo ambiri anakwiya. Tsopano vuto latembenuka: mu 2023 Twitter inatseka khomo laulere lomwe ofufuza ankalowerapo, ndipo mu 2024 Meta, kampani yomwe ndi mwini wa Facebook, inatseka chida chotchedwa CrowdTangle, chomwe ofufuza ankaonera zomwe zikufala pa Facebook. Mapazi alipo ambiri, koma njira yomwe apondedwa ili ndi eni ake.

Kodi tikabwereza zitulukanso?

Akuluakulu anati "ichi n'chiyani" n'kulinga muli awiri. Sayansi imayendanso motero: chomwe wina wapeza chimakhazikika ngati wina, potsata njira yomweyo, achipezanso. Mu 2015 gulu la ofufuza 270, lotsogozedwa ndi Brian Nosek wa pa yunivesite ya Virginia, linabwereza kafukufuku 100 wa kaganizidwe ka munthu yemwe anasindikizidwa mu 2008. Poyamba 97 mwa iwo ananena kuti apeza zotsatira zooneka. Atabwereza, pafupifupi 36 okha pa 100 alionse ndi omwe anatulukanso motero, ndipo mphamvu ya zotsatirazo inatsika ndi theka.

Si kuti ofufuza onsewo anali akathyali. Chinyengo chinachitikapo, monga cha Diederik Stapel wa ku Netherlands yemwe anagwidwa mu 2011 akupeka ziwerengero, koma gwero lalikulu ndi kachitidwe ka ntchito. Magazini a zamaphunziro amakonda zotsatira zodabwitsa, ndiye kafukufuku yemwe sanapeze kanthu amangogona mu kabati. Ofufuza ena amayesa anthu ochepa kwambiri. Ena amasanthula ziwerengero m'njira zambirimbiri, n'kulengeza imodzi yokha yomwe yabala zipatso. Zili ngati kuponya mwala kenako n'kunena kuti pomwe wagwerapo ndi pomwe umalinga.

Mankhwala omwe akuyesedwa ndi osavuta kumva. Wofufuza amalemba poyera funso lake ndi njira yake asanayambe, kuti asasinthe pambuyo. Magazini ena, kuyambira mu 2013, amavomereza nkhani poona njira yokha, zotsatira zisanadziwike. Ziwerengero zimaikidwa poyera kuti ena azione. Otsutsa nawo alipo: Daniel Gilbert wa ku Harvard ndi anzake ananena mu 2016 kuti kubwereza kwina sikunatsate ndendende njira zoyambirira. Ndipo katswiri yemwe wakhala zaka ziwiri pakati pa anthu, akumva zinsinsi zawo, sangaike zolemba zake poyera popanda kuwapereka.

Kuyesa mwa maere

Njira ina yabwerekedwa kwa achipatala. Pofuna kudziwa ngati thandizo lina likugwira ntchito, ofufuza amagawa anthu kapena sukulu m'magulu awiri mwa maere, lina n'kulandira, lina ayi, kenako n'kuyerekeza. Zili ngati kudzala mizere iwiri m'munda umodzi, wina wothira manyowa wina wosathira. Ku Busia m'dziko la Kenya, kuyambira mu 1998, Michael Kremer ndi Edward Miguel anayesa kupereka mankhwala a njoka zam'mimba m'sukulu 75, ndipo anapeza kuti kujomba kunatsika ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Mu 2019 Kremer, Esther Duflo ndi Abhijit Banerjee analandira mphoto ya Nobel ya zachuma chifukwa cha njirayi. Angus Deaton, yemwenso analandira mphotoyi mu 2015, amachenjeza kuti chomwe chagwira ntchito pamalo amodzi sichitiuza chifukwa chake, ndiye sitingadziwe ngati chidzagwire kwina. Enanso amati mafunso aakulu, monga chomwe chimalemeretsa dziko lonse, sangayesedwe mwa maere.

Wofufuzidwa ndani, wofufuza ndani

Apa ndi pomwe mtsutso watentha kwambiri, ndipo pali nkhani ziwiri zomwe zimasakanizidwa.

Yoyamba ndi ya anthu omwe amayesedwa. Mu 2010 Joseph Henrich, Steven Heine ndi Ara Norenzayan a pa yunivesite ya British Columbia ku Canada anasonyeza kuti m'magazini akuluakulu a kaganizidwe ka munthu, anthu 96 pa 100 alionse oyesedwa ankachokera m'mayiko olemera a azungu, momwe mumakhala anthu 12 okha pa 100 alionse padziko. Ambiri anali ophunzira a pa yunivesite. Komabe zotsatira zinkalembedwa ngati zikunena za munthu aliyense. Henrich anaona yekha kuipa kwa zimenezi pa masewera ena oyesera chilungamo. Munthu amapatsidwa ndalama kuti agawane ndi mnzake. Mnzakeyo akakana gawo lake, onse amataya. Ophunzira a ku America ankapereka pafupifupi theka, ndipo wopatsidwa zochepa ankakana. Anthu a mtundu wa Machiguenga ku Peru ankapereka pafupifupi gawo limodzi mwa anayi, ndipo kukana kunali kosowa, poti kwa iwo kukana ndalama zaulere kunalibe nzeru. Chomwe chinkatengedwa ngati chibadwa cha munthu chinapezeka kuti chimaumbidwanso ndi malo omwe munthu wakulira.

Yachiwiri ndi ya amene amafufuza, komanso chomwe chimavomerezedwa kukhala umboni. Mu 1963 Hugh Trevor-Roper, pulofesa wa mbiri ku Oxford, ananena poyera kuti Africa inalibe mbiri yoti n'kuphunzitsa kupatula ya azungu omwe anafikako. Pa nthawi yomweyo ena anali akugwetsa kale maganizowo. Jan Vansina, atagwira ntchito pakati pa anthu a Kuba ku Congo, anasonyeza mu 1961 kuti mbiri yosimbidwa pakamwa ingayesedwe ndi kusanthulidwa ngati chikalata. Mu 1964 UNESCO inayamba ntchito yolemba mbiri yonse ya Africa, akatswiri a ku Africa ali patsogolo. Mu 1973 bungwe la CODESRIA linakhazikitsidwa ku Dakar kuti ofufuza a ku Africa azidzisankhira okha mafunso, ndipo Thandika Mkandawire analitsogolera kuyambira mu 1986 mpaka 1996. Choncho pomwe ophunzira a ku yunivesite ya Cape Town ankachititsa kuti chiboliboli cha mtsamunda Cecil Rhodes chichotsedwe mu Epulo 2015, mawu oti kuchotsa utsamunda m'maphunziro sanali achilendo.

Chatsopano n'choti ofufuzidwa ayamba kuika malamulo. Mu 2017 anthu a San a ku South Africa, omwe akhala akujambulidwa, kuyezedwa ndi kutengedwa magazi kwa zaka zambiri, analemba malamulo awo opempha ulemu, kuona mtima, chilungamo ndi chisamaliro, komanso kuti wofufuza ayambe wapempha chilolezo kwa atsogoleri awo. Amakana mchitidwe wa mlendo wofika m'mawa, n'kutola zomwe akufuna, madzulo wapita, osabwereranso kudzanena zomwe anapeza.

Otsutsa ena ndi ochokera ku Africa komweko. Olúfẹ́mi Táíwò, wa filosofi wa ku Nigeria yemwe amaphunzitsa ku Cornell, analemba mu 2022 kuti mawu oti kuchotsa utsamunda akumatidwa pa chilichonse, mpaka akubisa mfundo yoti anthu a ku Africa amasankha okha zomwe akufuna kutenga kwa ena n'kuzisandutsa zawo. Enanso amafunsa ngati umboni uyenera kuyesedwa poona amene waubweretsa. Mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo zolemera.

Munthu ndi chilengedwe

Kale nyengo inkasiyidwa kwa asayansi, mbiri kwa olemba mbiri. Mu 2000 Paul Crutzen ndi Eugene Stoermer anatchukitsa mawu oti Anthropocene, kutanthauza nyengo yomwe munthu wasanduka mphamvu yosintha dziko lonse. Mu Malichi 2024 komiti ya akatswiri a miyala inakana kuivomereza ngati nyengo yatsopano pa kalendala yawo, koma mawuwo akugwirabe ntchito m'maphunziro a za anthu. Kumeneko amafunsa kuti: "munthu" wake uti, poti si onse anawononga mofanana?

Ubwino wophatikiza maphunziro unaoneka ku Kissidougou m'dziko la Guinea. Kumeneko midzi yambiri yazunguliridwa ndi timagulu ta nkhalango pakati pa tchire la udzu. Kuyambira nthawi ya atsamunda a ku France, akuluakulu a boma ankakhulupirira kuti timeneti ndi zotsalira za nkhalango yaikulu yomwe anthu anaiwononga, ndipo ankalanga otentha tchire. James Fairhead ndi Melissa Leach anamvetsera nkhalamba, anawerenga zikalata zakale, n'kuyerekeza zithunzi zojambulidwa pandege mu 1952 ndi za pambuyo pake. Zomwe anafalitsa mu 1996 zinali zoti m'midzi yambiri anthuwo ndiwo anameretsa mitengoyo, ndipo nkhalango inali ikukula. Aboma ankaona chithunzi choona, koma ankachiwerenga chafutambuyo.

Mafunso omwe adakalipo

Lalikulu ndi la AI, makina a kompyuta otsanzira nzeru za munthu. Chiyambireni ChatGPT mu Novembala 2022, ofufuza akugwiritsa ntchito makinawa kulemba zomwe anthu anena, kumasulira ndi kusanja mayankho. Ena ayesa ngakhale kufunsa makinawo m'malo mwa anthu. Koma makina amaphunzira pa zolembedwa zomwe zilipo, ndipo pa zilankhulo pafupifupi 7,000 za padziko, zochepa zokha ndi zomwe zadzaza intaneti. Mu 2018 Joy Buolamwini ndi Timnit Gebru anapeza kuti makina ena oyang'ana nkhope ankalakwitsa mpaka ka 34.7 pa 100 pa amayi akuda, pomwe pa amuna oyera sankapitirira 0.8. Ngati makina otere ayankha m'malo mwa munthu, akuyankhira munthu uti? Magulu ngati Masakhane, lomwe linayamba mu 2019 kumanga zida za zilankhulo za ku Africa, akuyesa kutseka mpatawu, koma kodi mawu omwe akusonkhanitsidwawo mwini wake ndani?

Lina ndi la kufalitsa. Kuyambira pa chikalata cha ku Budapest cha 2002, chomwe chinapempha kuti kafukufuku aziikidwa poyera pa intaneti, pakhala khama loti kafukufuku aziwerengedwa mwaulere. Magazini ambiri avomera, koma mtolo auchotsa kwa wowerenga n'kuusenzetsa wolemba, yemwe tsopano amalipira kuti nkhani yake ituluke. Wofufuza wa pa yunivesite yosauka angathe kuwerenga, nanga angathe kulembanso? Ku Latin America nkhokwe ya pa intaneti ya magazini a kafukufuku yotchedwa SciELO, yomwe inayambira ku Brazil, inasonyeza kuti ndalama za boma zingasenze mbali yaikulu ya mtolowu. Kodi njira imeneyo ingafalikire kwina?

Ngati makampani ndiwo asunga mapazi a anthu mabiliyoni, ndani adzawunike zomwe makampaniwo akuchita? Mayiko a European Union anaika lamulo lopatsa ofufuza ovomerezeka mwayi woona zina mwa zimenezi. Kodi lidzatsegula khomo mokwanira? Ufulu wa anthu wokana kufufuzidwa ukawombana ndi ufulu wa wofufuza wonena zoona zosakoma, uti uzitsogola? Ndipo poti opereka ndalama amafuna phindu looneka msanga, ndani adzalipirire wachinyamata zaka khumi zophunzira chilankhulo chakale, kuti mpukutu wina ukadzaoneka zilembo padzakhale wodziwa kuuwerenga?